Mwana Amene Anaweramitsa Roko Woyera

Amene analakwira a Liborio Tusa sanali mlendo. Anali mwana wawo wobereka okha, Gaspare, ndipo anawalakwira pa 16 Ogasiti 1972, dzuwa lili paliwombo, tauni yonse ya Castelmoro ikuonerera. Alipo ena lero amene amati zakale zisiyeni. Amatero chifukwa si iwo amene anagwetsedwa pamsewu.

Mnyamatayo sanachokere m'nyumba yoipa, wina asakunamizeni. A Liborio anali kalipentala. Sukulu analekeza kalasi yachitatu, koma chitseko chimene akhoma iwo sichinkalira. Akazi awo, a Venera, sankalola munthu kunyema buledi asanapemphere. Gaspare anali mwana mmodzi yekhayo. Anayamba kutumikira pa Misa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankapala thabwa mpaka kusalala ngati tsaya la khanda.

Koma ulemu wa banjalo sunali m'matabwa. Unali m'kabelu ka mkuwa kamene kankasungidwa m'bokosi la zovala za ukwati za a Venera. Chaka chilichonse pa tsiku la Roko Woyera, amuna makumi anayi ankanyamula chifaniziro chake pamapewa n'kuzungulira nacho tauni, ndipo kutsogolo kwa mdipitiwo kunkayenda a Liborio ndi kabeluko. Kakalira kamodzi, yendani. Kakalira kawiri, imani, akutsogolo apinde mawondo kuti Woyerayo awerame. Onyamulawo sankamvera meya kapena wansembe, ankamvera kabelu basi. Ndipo Woyerayo ankawerama malo atatu okha: pachipatala, pachitsime pamene panathera mliri wakalekale, ndi pachipata cha kumanda.

Panali munthu mmodzi amene ankafuna malo achinayi. Dzina lake anali Don Pietrino, uja palibe anamusankha koma ankalamula madzi, msika ndi moyo wa anthu m'chigwa chonse. Anapemphapo kwa malemu bambo a a Liborio kuti Woyera aziwerama pakhomo pake. Iwo anakana, ndipo m'mawa mwake anapeza mitengo yawo yonse ya maolivi itadulidwa. Kabelu sikanalirebe pakhomo pakepo, kwa zaka makumi atatu.

Gaspare anali atangopatsidwa malo onyamula kutsogolo kumanzere. Kumanja kunali a Onofrio, wophika buledi, mnzawo wa a Liborio kuyambira ubwana. Ndi iwo anamuphunzitsa poika phewa.

M'mwezi wa Meyi kunabwera malole asanu ndi limodzi kuchokera ku Roma, odzaza nyali, mawaya ndi anthu olankhula mokuwa. Anabwera kudzajambula filimu ya zigawenga, yomwe ija amaionetsabe chaka ndi chaka, anthu ophunzira n'kumati palibe ina yoiposa. Mkulu wa ntchitoyo anali Fulvio Marengo, kamunthu kovala mpango m'khosi ngakhale kunja kukutentha. Wosewera ngati mfumu ya zigawenga anali Ulisse Bonomi wa ku Milan, chimunthu cha mawu ngati bingu koma choopa bulu. Bulu akangolira chinkathawira m'galimoto.

Tsiku lina m'mawa Marengo analowa m'shopu ya a Liborio kudzafuna mipando yakale yoti ajambulire. Anapeza Gaspare akukhoma msomali, ndipo za mipandozo anaiwala.

"Iwe, tatembenuka. Ayi, usaseke. Ndiyang'ane ngati ndatukwana amayi ako." Gaspare anamuyang'ana, Marengo n'kuomba m'manja. "Basi! Nkhope iyi ndaisaka Roma yense osaipeza. Mnyamata iwe, uli ndi maso a munthu wopha anzake."

Gaspare anamwetulira ngati wauzidwa kuti ndi wokongola.

"Bwana," anatero a Liborio, "mwadzera mipando. Mipando ndi iyo. Mwanayu sali pamalonda."

"Madala, ndi sewero chabe. Palibe amene afe."

Masana patebulo chakudya chinazizira.

"Munthu akuti uli ndi nkhope ya chigawenga, iwe mano onse pamtunda," anatero a Liborio. "Wakutukwanatu uja, sukumva?"

"Bambo, mukufuna ndifere m'utuchi ngati inu? Anthu a ku Roma angondiona kamodzi, adziwa kuti ndine munthu. Inu mwakhala nane zaka zonsezi, chimene mumadziwa n'chakuti patse nyundo."

"Gaspare, tsitsa mawu, ukulankhula ndi bambo ako," anatero a Venera. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo a Gaspare, mulekeni. Ndi masabata atatu okha. Mukamukaniza apita mozemba."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero a Liborio, n'kumusiya apite. Kumusiya kumeneko anadandaula nako moyo wawo wonse.

Anthu a filimu anamuveka Gaspare suti yakuda, chipewa ndi nsapato zonyezimira, n'kumupatsa mfuti yaing'ono ya zipolopolo zongolira. Ntchito yake inali kuwombera munthu pamsika, ndipo Marengo anamuphunzitsa yekha.

"Ukawombera usathawe. Wothawa ndi wakuba nkhuku. Ima pomwepo, werenga mpaka katatu mumtima, kweza nkhope aliyense aione, konza chipewa, kenako uzipita pang'onopang'ono ngati ukuchokera ku Misa."

Munthu mmodzi yemweyo anamupha kasanu ndi kanayi tsiku limodzi. Ulendo uliwonse wakufayo ankadzuka, kusasa fumbi, n'kupempha khofi. Anthu ankaseka, Gaspare nayenso n'kumaseka. Anaphunzira kuti munthu umamupha m'mawa, masana n'kudya naye mbale imodzi.

Suti ija anasiya kuibweza akaweruka. Ankayenda nayo pabwalo la tauni, anzake n'kumamuvulira zipewa mocheza. "Taonani Don Gaspare! Tipatukeni, aise, angatiphe!" Patapita sabata ena anayamba kuvula chipewa osaseka, ndipo iye anaona kusiyana kwake n'kukukonda. Anayamba kumwa vinyo ndi anthu a makamera kuyambira masana. Lamlungu lachitatu malo ake paguwa anali opanda munthu.

A Onofrio anamuimitsa pakhomo pa shopu yawo. "Mwana wa mnzanga, suti ya eni imavulidwa. Ukazolowera kuvuliridwa chipewa, mawa udzafuna kuti azikuopa."

"Amalume, inu samalani za buledi wanu, angapserere."

Mu Juni Marengo anabweranso kwa a Liborio, ulendo uno atatsagana ndi bambo mfumu, wansembe wa tchalitchi chawo, amene ankangoyang'ana nsapato zawo. Ankafuna mdipiti weniweni ndi chifaniziro chenicheni, kuti Roko Woyera aime pansi pa khonde la pamwamba la wogulitsa mankhwala, aweramire Bonomi ngati mfumu ya zigawenga.

"Woyera amaweramira odwala ndi akufa," anayankha a Liborio. "Munthu wa suti ayi."

"Madala, tikufuna dziko lione kuipa kwa zinthu zotere."

"Kuipa kwa chinthu chimene kuno sichinachitikepo? Kasemeni wanu, mukamuweramitse mpaka athyoke."

"Wabodza amaonekera pa kamera. Ine ndikufuna thukuta lenileni."

Bambo mfumu anatsokomola. "A Liborio, alonjezatu kutikonzera denga la tchalitchi."

"Denga ndikonza ine, Bambo, ndi manja anga awa. Kabelu sikatuluka."

Lachinayi lotsatira a Liborio anapita kumudzi wina kukaika chitseko. Gaspare anadikira kuti amayi ake apite kumsika, anathyola loko wa bokosi lija ndi chitsulo cha bambo ake omwe, n'kutenga kabelu. Anazungulira onyamula aja mmodzimmodzi. "Bambo avomera, angochita manyazi kubwera okha. Si aka kabelu?" Ataona kabelu, onse anamvera, kupatula a Onofrio. "Liborio akanavomera akanandiuza ndi pakamwa pake," anatero iwo, n'kutseka chitseko. Pamalo pawo anaikapo wonyamula mawaya.

A Liborio anatsika basi ya masana n'kumva malipenga a mdipiti. Malipenga mu Juni? Anataya thumba la zida n'kuthamanga. Atakhota pakona anaona zimene maso awo anakana kulandira. Roko Woyera, amene agogo awo anamunyamula m'chaka cha mliri, anali atawerama pansi pa khonde, ndipo pamwamba panali Bonomi akuyasamula, mtsikana akumupukuta thukuta pachipumi. Kutsogolo kunali Gaspare, kabelu m'manja.

"Bwerezani!" anakuwa Marengo. "Mtambo waphimba dzuwa!"

Woyerayo anamudzutsa, anamubweza m'mbuyo, anamuweramitsanso. A Liborio anayesa kudutsa m'khamulo koma wina wa malole aja anawatchinga pachifuwa. "Agogo, musalowe, tikujambula." Anatsamira khoma, n'kuona Woyera akuweramitsidwa kakhumi ndi kamodzi.

Pampando wa panja pa nyumba yometera panakhala kankhalamba kovala juzi yong'ambika pachigongono. Anali Don Pietrino. Analankhula motsitsa, ngati wofunsa za mvula.

"A Liborio, malemu bambo anu anandiuza kuti Woyerayu msana wake ndi wouma. Taonani, wachira."

Kunyumba a Liborio anamulanda Gaspare kabelu.

"Wathyola bokosi la amayi ako. Wanama m'dzina langa kwa amuna makumi anayi. Ukudziwa chimene wachita?"

"Bambo, linali sewero!"

"Don Pietrino sanaone sewero. Waona kuti n'zotheka."

Kumapeto kwa mweziwo malole anapakira. Marengo anali atalonjeza Gaspare kuti amutenga ku Roma, koma tsiku lonyamuka anangomusisita tsaya pawindo la galimoto. "Tidzakulembera kalata, mnyamata." Mayi wosunga zovala anamuvula suti, chipewa ndi nsapato pabwalo pomwepo, n'kuziika m'katoni. Gaspare anabwerera kwawo atavala buluku la utuchi, anzake aja akumukuwiza. "Don Gaspare, suti ija yapita kochapa?"

Zimene zinatsatira a Liborio anazimva mochedwa, kwa mwini nyumba yometera ija. Don Pietrino anamuitanitsa mnyamatayo, anamukhazika pamthunzi n'kumusendera pichesi ndi manja ake.

"Akusiya, eti? A ku Roma amatero, amayamwa lalanje n'kutaya khoko. Ine anthu anga sinditaya." Anatumiza munthu kukatenga suti yatsopano, ndipo pamwamba pake panali mfuti. "Ija inali yoseweretsa ana. Tanyamula iyi, umve kulemera kwake."

"Ndichite chiyani, a Don?"

"Chaching'ono. Zimene unachitira mfumu yabodza ya m'filimu ija, undichitire ine. Panopa bwerera kwanu, ukhale mwana wabwino mpaka Ogasiti."

Ndipo anakhaladi mwana wabwino. Anabisa suti ndi mfuti kwa wometa, anabwerera kumatabwa, anapita kukalapa. Anakonza loko wa bokosi la amayi ake. A Venera ankalira ndi chimwemwe. "Mwaona, bambo a Gaspare? Chinali chibwana chabe." A Liborio, amene sanakhulupirirepo munthu wa ku Roma, anakhulupirira mwana wawo, n'kumubwezera malo ake akutsogolo kumanzere.

Tsiku la Roko Woyera linafika. Pachipatala kabelu kanalira kawiri, Woyera anaweramira odwala amene anawatulutsira pakhonde. Kanalira kamodzi, mdipiti unapitirira. Msewu wopita kuchitsime umadutsa pakhomo pa Don Pietrino, ndipo moyang'anana naye munkakhala a Rosaria Lentini, amene amuna awo anawomberedwa m'munda zaka khumi m'mbuyomo atakana kumusiyira madzi. A Liborio anadutsa pamenepo osatembenuza khosi, monga ankachitira chaka chilichonse. Anayenda mapazi khumi asanazindikire kuti kumbuyo kwawo kulibe mgugu wa mapazi.

Anatembenuka. Woyera anali ataima. Pakhonde la pamwamba la nyumba yake panali Don Pietrino.

Analiza kabelu kamodzi. Palibe anasuntha. Analizanso. Amuna amene anakula nawo limodzi ankayang'ana pansi. Malipenga anatha mawu limodzilimodzi mpaka kunangoti zii.

"Gaspare, yenda!"

Gaspare anakodola munthu wina kuti alowe pamalo pake, iye n'kutuluka pansi pa mtengo wonyamulira. Anafika pamaso pa bambo ake n'kutambasula dzanja.

"Patseni, bambo. Nthawi yanu yatha."

"Mwana wanga, ganiza. Amayi ako akukuona."

"Ndati patseni!"

Anawagwira pamkono n'kuupotokola mpaka zala zinatseguka, kenako anawakankha pachifuwa. A Liborio anagwa chagada, mutu unamenya mwala wa m'mphepete mwa msewu, magazi n'kuyenderera m'khutu. A Venera anakuwa. Gaspare sanayang'anenso pansi. Analiza kabelu kawiri.

Akutsogolo anapinda mawondo, koma a Onofrio anaima chilili, mtengo ukuwadya phewa, chifaniziro n'kupendekera mbali imodzi. "Ine sindigwada!" anakuwa. Wina anawaponda kuseri kwa bondo, iwo n'kugwa. Roko Woyera anawerama katatu. Don Pietrino anakweza kapu yake pang'ono, ngati wolonjera mnzake.

A Rosaria anatsegula windo n'kufuula mawu amene aliyense amene analipo anafa nawo m'makutu. "Roko! Zaka khumi ndakhala ndikukuyatsira kandulo, lero ukugwadira wondiphera mwamuna?"

Gaspare anasiya kubwera kunyumba. Episkopi analetsa mdipiti kwa zaka khumi. Apolisi anafunsa dzina la mkulu wa onyamula, ndipo nyuzipepala ya ku Palermo inasindikiza chithunzi cha a Liborio, bandeji ali kumutu, n'kulemba kuti uyu ndiye anagwaditsa Woyera kwa zigawenga. Anawatsegulira mlandu. Iwo akanatha kutchula mwana wawo, koma pakamwa panawalemera. Mwa amuna makumi anayi aja, onse kupatula mmodzi anati thukuta linawalowa m'maso, sanaone kalikonse. Anthu anasiya kubweretsa ntchito kushopu. A Onofrio okha ndi amene anapita kupolisi masana, anthu akuona, n'kunena kuti mu Epulo adzaima m'khoti kufotokoza amene analiza kabelu ndi amene anamutuma.

Mu Malichi filimu ija inatuluka. Nkhope ya Gaspare, chipewa chili pamphumi, inamatidwa pamakoma kuyambira ku Palermo mpaka ku Milan. M'nyumba yoonetsera mafilimu ya ku Castelmoro, anthu omwe aja anaona a Liborio akugwa anaomba m'manja poona Woyera akuwerama. Alendo anayamba kubwera ndi mabasi kudzaona khonde la wogulitsa mankhwala.

Kutatsala masiku atatu kuti mlandu ulowe, Loweruka m'mawa, a Onofrio ankayala buledi patebulo lawo pamsika. Atakweza maso anaona Gaspare ali mu suti.

"Mwana wa mnzanga! Wabwera? Waonda bwanji. Tenga wotenthayu, kenako tipitire limodzi kwa bambo ako."

Gaspare anawawombera kawiri pachifuwa.

Ndiyeno thupi lake linachita zimene linaphunzitsidwa. Sanathawe. Anaima pomwepo, anawerenga mpaka katatu, anakweza nkhope, anakonza chipewa. Anthu a ku Castelmoro anali atayang'ana kale kumbali, monga mwa chizolowezi chawo. Koma pamsikapo panali basi ya alendo ochokera kumpoto. Anamuzindikira nthawi yomweyo, poti nkhope yake inali pakhoma kumbuyo kwake. Anaganiza kuti tauni yawakonzera sewero. Anaomba m'manja, ena n'kumajambula zithunzi. Mayi wina anafika pafupi akuseka kuti aone wakufayo akudzuka, ndipo magazi atamufika pansapato m'pamene anayamba kukuwa.

Masana a tsiku lomwelo a Liborio anali m'shopu, atakhala osagwira kanthu, pamene chitseko cha kuseri chinatseguka. Gaspare analowa wopanda chipewa.

"Bambo." Mawu ake anali a kamwana. "Sanadzuke."

A Liborio anakweza mutu. "Umayesa adzuka?"

"Sindikudziwa. Ndinadikira. Buledi anali adakali m'manja mwawo."

A Venera anatulukira kukhitchini n'kumukumbatira miyendo, akulira mosatulutsa mawu. A Liborio anaimirira n'kutenga jekete.

"Tiye. Tidzere kwa bambo mfumu ukalape zenizeni, kenako kupolisi. Ndiyenda nawe pakati pa msewu, aliyense aone. Ukanene zonse, ndi amene anakutuma."

"Akanditsekera moyo wanga wonse."

"Ukakhala ndi moyo woti autsekere. Alendo aja akujambula, Gaspare. Nkhope yako ili pakhoma lililonse. Ukuganiza kuti Don Pietrino asunga munthu wodziwika dziko lonse?"

"Anandiuza kuti anthu ake sataya."

"Anakuuza ali ndi ntchito nawe. Ntchito yatha."

Panja panalira hutala ya galimoto, kamodzi, mwaulemu. Gaspare anasuzumira pawindo, nkhope yake n'kuwala pang'ono.

"Ndi anzanga. Akuti andiperekeza ku Palermo, ndikabisale mpaka ziphwe."

"Usakwere galimoto imeneyo. Ndakupempha zambiri iwe n'kukana. Ichi chokha ndimvere."

"Inu simuwadziwa anthu amenewa, bambo."

"Ine? Ine sindiwadziwa?"

Anachotsa manja a amayi ake m'miyendo mwake chala chimodzichimodzi, n'kutuluka. Munthu wa m'galimotomo anamutsegulira chitseko cha kutsogolo, wina n'kukhala kumbuyo kwake.

Mlandu unalowa Lachiwiri popanda mboni. A Liborio anatchula Don Pietrino, woweruza anafunsa umboni, umboni unali kumanda. Anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha kabelu kamene sanalize. Mwa amuna aja palibe ndi mmodzi yemwe anakawaona.

Inu achinyamata, imvani bwino. Tchimo silibwera litanyamula mpeni. Limabwera likukuyamikira nkhope, n'kukuuza kuti ndi sewero chabe, palibe amene afe. Chimene uzolowetsa manja ako mocheza adzachichita tsiku lina osakufunsa. Amene wakuba m'bokosi la amayi ake lero, mawa agwetsa bambo ake, mkuja apha womudyetsa. Ndipo musayembekeze kuti okunyengani adzalangidwa pamodzi nanu. Marengo analandira mphoto zitatu, anakalamba akulemekezedwa, ndipo m'buku la moyo wake mulibe dzina la Tusa. Bonomi anamwalira akuwedza nsomba kunyanja ya kwawo. Don Pietrino anafera pabedi lake, adzukulu atamuzungulira.

Gaspare Tusa sanafike ku Palermo. Patapita masiku asanu ndi anayi, mbusa wa nkhosa anamupeza m'dzenje la mgodi wakale, makilomita anayi kuchokera pakhomo pa amayi ake, manja atamangidwa ndi waya kumbuyo. Anali ndi zaka makumi awiri.